Mvula Yotsekeredwa mu Laputopu

A Elliam Goliati anafika ku Chikweo mu 1989 pa njinga ya boma, ali mlangizi wa thonje. Kwawo ndi ku Rivirivi, tsidya lina la Shire, m'boma la Balaka. Patatha zaka ziwiri anakwatira a Anastasia, n'kumanga nyumba pa malo a kuchikazi monga timachitira ambiri kuno. Ine ndinakwatira m'mudzi womwewo pambuyo pake, ndiye iwo ndi ine ndife akamwini, ngakhale anandisiya kutali pa msinkhu ndi pa sukulu. Ntchito yanga ndi yokonza njinga pafupi ndi msika. Zimene ndikulembazi, zina ndinaziona ndekha, zina anandiuza eni ake atakhala pa benchi langa kudikira kuti ndiwamatire chubu.

Ukafunsa ku Chikweo kuti a Goliati ndi ati, palibe amene angakuuze za thonje. Amati, "A mvula aja." Kuseri kwa nyumba yawo kuli chitini choyezera mvula chimene ofesi ya zaulimi inawapatsa chaka chomwe anakwatira. Tsiku lililonse 8 koloko m'mawa ankapita pamenepo, kutsanulira madzi a m'chitinimo m'kabotolo ka mizeremizere, kukakweza molingana ndi maso, n'kulemba mamilimita ake m'kope. Kukacha kopanda mvula ankapitabe, kusuzumira m'chitini chouma, n'kulemba ziro. Ofesi inasiya kalekale kufunsa manambalawo, mwina inaiwalanso kuti inapatsa munthu chitini. Iwo sanasiye. Anapuma ntchito mu 2018, koma mvula yokha sanaipumire.

Anthu ankawaseka kuyambira Epulo mpaka Okutobala. Mabingu akayamba kugunda kuseka kunkatha, omwe aja n'kumabwera mmodzimmodzi zipewa zili m'manja. "Bambo Goliati, yagwa dzuloyi ndi yodzalira kapena ndi chizimalupsa?" A Goliati sankayang'ana kumwamba ngati anthu ena. Ankatsegula makope awo, kutembenuza chaka ndi chaka akunyowetsa chala, kenako n'kunena kuti, "Mvula yogwa sabata ngati ino yanamizapo anthu kasanu ndi kawiri. Dikirani yam'tsogolo." Sankalondola nthawi zonse, koma ankalondola kokwanira kuti mbewu za anthu ambiri zisapsere m'nthaka. Makope amenewo ndiwo anali chuma chawo chonse, ndipo anali ndi lamulo lake: munthu wina asalembemo, asawagwire n'komwe.

Tsono a Goliati anali mkamwini wa mtundu uja wogona nsapato zili pafupi. Chilichonse chofunika ankachisunga kwawo, kwa achemwali awo a Lena ku Rivirivi: masatifiketi a sukulu, kalata yolembedwera ntchito, khadi la ubatizo, ngakhale suti ya ukwati. Chithunzi cha chiphaso anakajambulitsa ku Balaka. Dzino anakazulitsa ku Balaka, kudutsa zipatala ziwiri panjira atagwira tsaya. Ndipo chaka chilichonse kumapeto kwa Novembala, akatha kuuza anthu za mvula, ankatenga tchuthi n'kupita kukathandiza a Lena kudzala, sabata ziwiri, nthawi zina zitatu. Masiku amenewo chitini chinkatsala m'manja mwa a Anastasia. Popeza m'makope munali moletsedwa, mayiwo ankalemba kwina, amuna awo akabwera n'kuwawerengera, iwo n'kukopera ndi dzanja lawo.

Khalidwe limeneli silinangowamera m'mutu. Mayi awo atamwalira mu 1971, iwo ali ndi zaka khumi ndi zitatu, anaona bambo awo akusudzulidwa. Panalibe ndewu kapena mawu oipa. Eni mudzi anangothokoza, n'kunena kuti ntchito imene munabwerera yatha. Bambowo anasiya nyumba ya njerwa zimene anaumba okha, mitengo ya mango, ndi ana asanu, n'kunyamula bulangete ndi nkhwangwa. A Elliam anawaperekeza mpaka pa mtsinje. Nkhaniyi anandiuza kanayi konse, ndipo nthawi zonse inkathera pa nkhwangwa ija. Ndimawamvetsa, inenso ndine mkamwini. Koma a Anastasia ndi mayi woti sanathamangitsepo ngakhale nkhuku ya eni pa lichero lawo, ndipo choipa chachikulu chimene abale awo anachitapo n'kubwereka mpope wopopera thonje n'kuubweza wopanda lamba.

Laputopu inabwera mu 2021. Mwana wawo woyamba, Tikondane, ndi namwino ku Zomba, ndipo anaigula yakale kwa mnzake wa kuntchito. Anati chiswe chayamba kudya makope, ndi bwino bambo ake akopere zonse mu kompyuta. Inafika ili ndi zithunzi za eni, mafilimu a eni, ndipo kuti iyake munthu ankatha kuphika tiyi n'kumwa. Inkafunika kufufutidwa yonse n'kuikidwa Windows yatsopano. Ku Liwonde okonza makompyuta alipo ambiri, koma a Goliati anaikulunga m'thawulo, kukwera njinga yamoto, kukwera minibasi, kuwoloka Shire, mpaka ku Balaka.

Kumeneko, kuseri kwa depoti, kuli kachipinda ka mayi wina dzina lake Husna. Ndi munthu wa zaka za m'ma makumi atatu, wovala mpango wophimba mutu ndi khosi, ndipo sikuludiraiva yake yaing'ono amaisunga kuseri kwa khutu pamwamba pa mpangowo. Makasitomala ena amalankhula nawo Chiyao, ena Chichewa, makompyuta amawatukwana m'zilankhulo zonse ziwiri. Anaitsegula laputopuyo, kuipemerera fumbi, n'kuwauza a Goliati kuti akhale pa mpando.

"Bambo, Windows imene ingalowe muno ilipo mitundu iwiri. Pali Home, pali Pro. Kaonekedwe n'kamodzi, kalembedwe n'kamodzi. Inu mukufuna muzichita nayo chiyani?"

"Kulembamo mvula."

Husna anakweza mutu. "Mvula yokha?"

"Ya zaka makumi atatu."

"Ndiye Home ikukwanirani mpaka kutsala. Pro ndi ya m'maofesi, kumene makompyuta ambiri amalumikizana, bwana n'kumawalamula onse ali pa mpando umodzi. Ndi yodulanso. Inu muli ndi imodzi yokha, ndipo bwana wake ndinu."

"Kusiyana kwake n'komweko basi?"

Husna akanangoti eya, nkhaniyi bwenzi kulibe. Koma ndi munthu wosabisa kanthu kwa kasitomala. Anawauza kuti Pro ili ndi loko wotseka zonse zimene zili m'kati. A Goliati anafunsa ngati lokoyo ndi pasiwedi yomwe ija imene Tikondane anawafotokozera.

"Iyayi. Pasiwedi ndi mpiringidzo wa pakhomo chabe. Munthu ngati ine ndimamasula kunsi kuno, kuchotsa hadi disiki, kuiika mu kompyuta ina, zonse n'kuwerenga. Koma loko wa Pro akatseka, ngakhale ine amene ndamuikapo sindingawerenge kanthu. Kwa makina akale ngati awa, Home ilibe zimenezo."

A Goliati anasendeza mpando pafupi. Ine amene ndimawadziwa ndikutha kuona mmene maso awo anawalira.

"Ikani imeneyo."

"Bambo, mvula mukuibisira ndani? Imagwera aliyense."

"Ndine mkamwini, mayi."

Husna sanatsutse, popeza nayenso ali ndi mkamwini kunyumba kwake. Anangowachenjeza kawiri. Koyamba anati lokoyo ali ndi kiyi wake wa manambala 48, ndipo masiku onse makina sadzawafunsa, koma tsiku limene chinthu chachikulu chidzasinthidwe m'kati, adzawafunsa, ndipo sadzamva zoti ine ndine mwini wake. Kachiwiri anati agule fulashi, azikoperamo zonse mwezi ndi mwezi. Za fulashi a Goliati anakana. Anati kanthu kakang'ono ngati kameneko kamaiwalika m'thumba la buluku, wochapa n'kukatola. Wochapa mabuluku awo ndi mmodzi yekha pa dziko lonse, koma dzina sanatchule.

Husna anaika Pro, anatseka loko, n'kusindikiza kiyiyo pa pepala. Anati alisunge kutali ndi laputopu, pamalo podalirika. Mawu amenewo anawakomera a Goliati kuposa onse amene anamva tsikulo, chifukwa malo oterowo anali nawo kale. Pamwamba pa pepalalo panali mawu a Chingerezi ofotokoza kuti ndi la chiyani, manambala ali m'munsi. Ali pa depoti kudikira kabaza, anaona kuti mawuwo ndi oopsa, mwana wa sukulu aliyense angawerenge n'kudziwa. Anapinda pepalalo, kunyowetsa mopindamo ndi malovu, n'kung'amba bwinobwino. Mbali ya mawu anaitaya m'ngalande. Ya manambala anaiika mu envelopu ya khaki, ndipo dzuwa lisanalowe inali m'sutikesi ya a Lena ku Rivirivi.

Kukopera kunawatengera chaka ndi miyezi iwiri. Ankalemba ndi zala ziwiri, m'mawa akachoka pa chitini mpaka batire litatha, kenako n'kuilumikiza ku sola ya padenga. Makope makumi atatu analowa onse, tsiku ndi tsiku, ndi maziro omwe. Atamaliza anasiya kulemba pa pepala, mvula yatsopano inkalowa mu laputopu mwachindunji. Kuyankha anthu kunafulumira, ndipo ulemu wawo unakula, chifukwa tsopano yankho linkachokera pa galasi lowala.

Chimene chinkandinyansa ine, ndinene zoona, ndi chimodzi. A Anastasia akamabwera ndi tiyi, a Goliati ankaweramitsa chivundikiro cha laputopu pang'ono, osati kutseka, kungoweramitsa. Ndinaziona katatu. Mayiwo ankaika kapu pa tebulo n'kubwerera kukhitchini. Ndinawafunsa a Goliati tsiku lina kuti achimwene, muli chiyani mmenemo choti mayi wa kunyumba asaone, si mvula yomwe ija ankayeza okha inu kulibe? Anandiyankha kuti ndizisamala za masipoko.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anafika kwathu. Khoma la chipinda chosungira katundu kwa a Goliati linagwera m'kati, ndipo katoni ya makope inakhala m'matope masiku atatu. Poitulutsa makopewo anali phala. Anthu anabwera kudzawapepesa ngati pagwa maliro, koma iwo ankangogogoda chivundikiro cha laputopu ndi chala, n'kumati zonse zili umu. Sabata imeneyo ankayenda monyada kuposa masiku onse. Kuyambira pamenepo mvula ya Chikweo ya zaka zonsezo inali malo amodzi okha.

A Lena anamwalira mu Ogasiti 2024. A Goliati, monga mwini mbumba, anakhala ku Rivirivi sabata yathunthu, kulandira anthu, kuyendetsa zokambirana, kugawa katundu wa malemu tsiku losesa. Sutikesi ija inapita kwa Emmie, mwana wamkazi wamkulu wa a Lena. Iwo anabwerera ku Chikweo atachepa thupi, mawu atasasa, ndipo m'mawa mwake 8 koloko anali pa chitini.

Chaka chotsatira, mu Okutobala, laputopu inakana kuyaka. Inali nthawi yoipa, chifukwa patsala milungu yochepa kuti anthu ayambe kubwera ndi mafunso awo. Anaikulunganso m'thawulo lomwe lija mpaka kwa Husna. Iye anaiyeza ndi mita yake, n'kunena kuti bolodi lam'kati lolumikiza zipangizo zonse lapsa, koma ali ndi lina lochokera mu laputopu yakufa ya mtundu womwewo.

"Ndisanaike, bambo, pepala lija muli nalo? Ndikasintha bolodi, loko adzaona ngati hadi disiki yabedwa n'kuikidwa mu makina ena. Adzafuna kiyi."

"Lili pafupi pompa, kwathu."

Husna anaika bolodi. Laputopu inayaka bwinobwino, n'kuonetsa galasi la buluu ndi kabokosi kopanda kanthu kodikira manambala 48. A Goliati anayesa pasiwedi yawo, koma kabokosiko sikankalandira zilembo. Anavala chipewa n'kukakwera kabaza wa ku Rivirivi.

Emmie anawalandira ndi madzi, n'kutulutsa sutikesi pakhonde. Mapepala anali mu pulasitiki, osanjidwa bwino kuposa mmene a Lena ankawasungira. Masatifiketi analimo, kalata ya ntchito inalimo, khadi la ubatizo linalimo. A Goliati anatulutsa limodzilimodzi kawiri konse, kenako anagwedeza sutikesi ili chadodolido.

"Amalume, mapepala a dzina lanu onse ndi amenewa. Palibe limene lasowa."

"Panali kena kakang'ono mu envelopu ya khaki. Kong'ambika m'mphepete, ka manambala okhaokha."

Emmie anapinda ngodya ya chitenje chake.

"Tsiku losesa lija ndinabwera ndi mulu wa mapepala kwa inu, muli pansi pa mtengo ndi akuluakulu. Ndinati amalume, awa titani nawo? Inu munati a chidindo ndi a dzina sungani, otsalawo aponyeni pamoto pamodzi ndi zinyalala. Kameneko kanalibe chidindo, kanalibe dzina. Ndinakatembenuza kumbuyo, kunalibenso kanthu."

A Goliati anakumbukira. Anakumbukira mtengowo, kutentha kwa tsikulo, ndi dzanja lawo likukankha mulu wa mapepala kuti Emmie achoke msanga, akuluakulu apitirize nkhani ya munda. Emmie anayamba kulira, iwo anamuuza kuti asalire, sanalakwe. Anafunsa kumene anawotchera zinyalalazo. Anawaonetsa dzenje kuseri kwa khola, ndipo munali mutamera kale mpiru.

Husna atamva, sanawauze kuti ndinanena. Anangochotsa sikuludiraiva kukhutu n'kuiika pa tebulo.

"Palibe njira, bambo. Kuno kulibe, ku Blantyre kulibe, ku Joni kulibe. Makinawa sanalakwe, achita zimene munawatuma. Ndingachite chimodzi: ndichotse hadi disiki iyi muisunge momwemo, ndiikemo ina yopanda kanthu. Muyambirenso. Mundiuze kuti ndiike Windows iti."

A Goliati anati akaganize kaye. Laputopu anaisiya, hadi disiki yakale anaiika m'thumba la jekete. Ndi kanthu kochepa ngati kabokosi ka sopo, ndipo mvula yonse ya zaka makumi atatu ndi zinayi inali mmenemo, yathunthu, yosaonongeka, yosatheka kuiwerenga.

Anafika ku Chikweo Lachinayi masana, n'kupeza a Anastasia akupeta nandolo pakhonde. Panalibe kuchitira mwina, anafotokoza zonse kuyambira pa Home ndi Pro mpaka pa dzenje la mpiru. Mayiwo ankadziwa za pasiwedi, koma za loko ndi za pepala la ku Rivirivi anazimva tsiku limenelo. Lichero silinaime.

"Lokoyo munaikira ndani, abambo a Tiko?"

"Akuba."

"Akuba mvula."

"Alipo akuba a mitundumitundu."

"Alipo ndithu," anatero a Anastasia, n'kuuzira mankhusu.

M'mawa mwake 8 koloko inakwana a Goliati ali chikhalire pa mpando wa pakhonde, nsapato osamanga. Aka kanali koyamba kuti akhale pakhomo pawo chitini osapitako. Ine ndinkadutsa kupita ku msika ndipo ndinaima kuti ndiwapatse moni, ndiye zotsatirazi ndinaziona ndekha. A Anastasia anatuluka kukhitchini, kupukuta manja, n'kuzungulira kuseri. Anasuzumira m'chitini, anabwerera, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kope la chikuto chofiira. Analitsegula chakumbuyo, analemba tsiku, analemba ziro, ali chiimire.

"Mukulemba muti?" anafunsa a Goliati.

"Momwe ndimalemba masiku onse inu mukachoka. Lero ndaona ngati mwachoka."

Analowanso m'nyumba n'kutuluka ndi ndowa ya pulasitiki ya chivundikiro, imene amasungiramo yunifolomu ya kwaya ya ku tchalitchi. Pansi pa yunifolomuyo panali makope asanu ndi limodzi. Kutsogolo kwake kunali nyimbo za kwaya zolembedwa pa manja, kumbuyo kwake mvula. Ndowayo namondwe sanaikhudze, chiswe sichinalowemo. A Goliati, amene kwa zaka zonsezi ankawerengeredwa manambalawo pakamwa, anali asanafunsepo kuti amachokera m'buku lotani.

Anavala magalasi n'kuyamba ndi kope lakale kwambiri. Munalibe chaka chathunthu ngakhale chimodzi. Munali masiku okhawo amene iwo anali kulibe: sabata ziwiri apa, masiku anayi apo, sabata zitatu, maliro a ku Rivirivi, ukwati wa ku Rivirivi, mlandu wa mbuzi wa ku Rivirivi. Koma chaka ndi chaka kumapeto kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Disembala kunali kodzaza, tsiku lililonse ndi nambala yake. Poyamba nkhope yawo inamasuka, chifukwa mvula yodzalira, imene anthu amabwerera kudzafunsa, inalimo pafupifupi yonse. Anandiitana kuti ndione, akugogoda tsamba ndi chala monga ankachitira pa laputopu.

Kenako anayamba kuwerenga zimene zinali m'mphepete. A Anastasia sankalemba nambala yokha. Pambali pa mvula yaikulu yoyamba ya chaka chilichonse ankaonjezera mawu awiri kapena atatu. Mu 1991 analemba kuti, "Ndadzala." Mu 1992, "Ndadzala, Tiko kumsana." Mu 1997, "Ndadzala theka, malungo." Mu 2001, "Ndadzala, mbewu ndapempha kwa achimwene." Chaka china, "Ndadzala munda wa kumtunda, wa kudambo mawa." Panalibe dandaulo paliponse, panalibenso dzina la munthu. A Goliati anatembenuza makope onse asanu ndi limodzi akuwerengera pa zala, chifukwa kuwerenga ndi khalidwe lawo ndipo sakanatha kudziletsa. Pa mvula zodzalira makumi atatu ndi zinayi, makumi atatu zinali za dzanja la a Anastasia.

Ine ndinachita manyazi ngati ndine wolakwa, ndipo ndinayamba kuyang'ana tayala la njinga yanga. A Goliati anachotsa magalasi.

"Amayi a Tiko, zaka zonsezi munkadzala nokha?"

"Inu munkadzala kwanu."

Anayankha mosakwiya, ngati akunena kuti madzi atha mu mtsuko. Kenako anapinda yunifolomu n'kuibwezera mu ndowa.

A Goliati anakhala pamenepo mpaka dzuwa linafika pa mapazi awo. Masana anabwera ku msika kudzabwereka foni yanga, yawo inali yopanda mayunitsi. Anaimbira Husna n'kumuuza kuti aike ya Home ija. Ndinkamva mawu a Husna akufunsa ngati atsimikiza, popeza mmenemo mulibe loko. Iwo anati atsimikiza, ndipo awasungire fulashi ziwiri. Lolemba anapita kukaitenga n'kubwerera tsiku lomwelo, osadzera ku Rivirivi. Hadi disiki yakale ili pa shelefu m'chipinda chochezera, pafupi ndi wailesi, ndipo a Anastasia amaipukuta fumbi pamodzi ndi zina zonse.

Zimene zinatayika zinatayika. Mvula ya Januwale ndi Febuluwale ya zaka zonse zija, ya chilala, ya namondwe, maziro aja masauzande, palibe amene adzaziwerengenso. A Goliati sananenepo kuti zimawawawa, koma munthu akawafunsa za chaka chakutichakuti amayamba kutambasula dzanja kufuna kope, kenako n'kulibweza.

Laputopu itafika, anaiika pa tebulo la pakhonde n'kupempha makope a nyimbo aja kuti akopere. Anati adzawasamala, ndipo akamaliza akhoza kukawajambulitsa ku Balaka kuti pakhale ena osungira.

"Koperani pompano, ine ndizikuwerengerani monga kale," anatero a Anastasia. "Makope anga sawoloka Shire."

Anakoka mpando n'kukhala pambali pawo, kumene galasi likuoneka bwino, natsegula kope loyamba chakumbuyo. Pofika pa nambala ya mvula yodzalira ya 1991, a Goliati analemba n'kudikira ya tsiku lotsatira. Mayiwo sanapitirire.

"Pali mawu pambali pake," anatero. "Lembaninso amenewo."